Osakhudza

Pa mzere 412 Shingirai anasiya mawu awiri okha:
osakhudza, chonde.
Chifukwa chake sanalembe.
Anakwera basi ya ku Joni zaka zinayi zapitazo,
natisiyira kapu yong'aluka m'kabati
ndi mzere uwu, umene tonse timaulambalala
ngati dzenje la pa msewu wa ku Mbare
lomwe oyendetsa kombi analiloweza pamtima.

Pulogalamuyi ndinachita kuilowa chokolo.
Imawerengera malipiro a anthu zikwi zitatu,
alonda, osoka maovolosi ku Graniteside,
madalaivala a malole ogona pa Beitbridge.
Ndalama ya dziko lino yasintha dzina kangapo
ndipo ulendo uliwonse wina anakhala usiku
kusokerera chigamba pamwamba pa chigamba.
Nsalu yoyamba palibe akuikumbuka mtundu.

Lachinayi. Magetsi anapita tambala asanalire.
Jenereta ikutsokomola kuseri kwa khoma,
batire yanga yatsala chala chimodzi.
Mayi Gwatidzo aima pakhomo, makiyi akulira m'dzanja:
"Zitheka pofika mawa?"
Mayankho ndili nawo awiri.
Lina likuti, ndipatseni miyezi itatu
ndigwetse nyumba yonseyi, ndikumbe maziko ena.
Lina likuti, inde.
Loyambalo sililipira lendi ku Mufakose.
Ndati inde.

Anesu, wa ku koleji dzulodzuloli,
wakoka mpando, chingwa cha masana chili m'kamwa.
"Mzerewu sukugwira ntchito iliyonse. Tingoufufuta."
Inenso ndinali ndi mano akuthwa chonchi.
Ndamuuza, fufuta, koma pa seva yoyeserera.
Wadina.
Mayeso makumi asanu ndi limodzi adutsa onse,
sikirini yabiriwira ngati dimba la rape,
mwana akuvina ndi mapewa.

Sindikudziwa chimene chandigwira dzanja.
Ndatsegula dzina limodzi, la pansi penipeni:
Jailosi Mbewe, mlonda wa pa geti la kumbuyo,
analembedwa ntchito ine ndisanamere mano,
amandipatsa moni m'chinenero cha amayi anga
pamene mzinda wonse umanditcha dzina mopotoza.
Penshoni yake: ziro, dontho, ziro, ziro.
Tapeza ena khumi otero,
okalamba amene ndalama zawo zinawoloka mitsinje yonse ija
atakwera pamsana pa mzere umodzi.
Mayeso athu sankawadziwa.
Tinawalemba tokha, tikuganiza za anthu a msinkhu wathu.

Anesu wasiya kutafuna.

Taubwezera mzerewo pamalo pake
monga mmene ubwezera mwala
ukapeza kuti pansi pake pali mazira.
M'munsi mwake ndalemba zimene Shingirai analibe nthawi yolemba,
mizere isanu, chaka, chifukwa, mayina.
Anesu walemba mayeso atsopano
nawatcha jailosi_asasowe,
zilembo zazing'ono, mopanda mpata, momwe makina amafunira.

Kenako ntchito ya Mayi Gwatidzo.
Ndasoka chigamba changa, chokhota, ulusi ukuonekera,
pambali ndalemba kuti ndidzakonza bwino mwezi wamawa.
Bodza limeneli ndalipeza kale kasanu ndi kawiri m'fayilo yomweyi,
lililonse ndi dzina la mwini wake.
Ngongole yotere siyenda ndi wokongola.
Imatsala pa mpando, kudikira wodzakhalapo.

Jenereta yazima tisanatsazike.
Pa geti a Mbewe akuwomba manja kuthamangitsa kuzizira.
"Mwaswera bwanji, mwanangu? Makina akumvera?"
Ndati akumvera, bambo.
Ndanyamuka kupita ku Copacabana kukalimbirana kombi,
maluwa a jakaranda akuphulika pansi pa nsapato.

Mawa ndi Lachisanu, tsiku limene anzeru satulutsa chatsopano.
Ife titulutsa.
Foni ndigona nayo kumutu, yosatseka mawu.